Botolo la Felesiya Padenga

Fungo la shuga wopserera pa malata silinandichoke mpaka lero. Ndikalimva ndimabwerera kwathu, kumudzi wina kufupi ndi Bangula, m'chilimwe chimene mng'ono wanga Felesiya anadwala malungo. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye zisanu ndi chimodzi. Dzuwa la chaka chimenecho linkaotcha mchenga moti ngakhale nkhuku zinkadutsa pabwalo mothamanga, ndipo masana malata ankathetheka okha.

Felesiya ankagona pamphasa pakhonde, milomo itang'ambika, akukana phala, akukana madzi. Chimene anapempha chinali chimodzi, chakumwa cha m'botolo, chija cha malalanje cholumaluma palilime. Ababa, omwe ankadula nzimbe kuesiteti, anabwera nacho panjinga Loweruka m'mawa, chitafunda ndi ulendo.

"Kaliviike mumtsuko lizizire," amayi anandiuza. "Amwa madzulo."

Koma ine ndinkadzidziwa. Mumtsukomo ndinkatungamo madzi tsiku lonse, ndipo chakumwa chotero ndinali nditachilawa komaliza pa Khirisimasi. Ndikanalikhudza kawiri, kachitatu ndikanalitsegula ndi mano. Choncho ndinakwera pamtondo n'kuliika padenga, pakati pa miyala yopsinjira malata, pamene dzanja langa la dyera silikanafikapo msanga. Ndinatsika ndikudziona mwana wabwino kuposa onse a m'Nsanje.

Dzuwa lili paliwombo, amayi ali kumjigo, padenga panaphulika. Tizidutswa ta galasi tinagwera pabwalo. Madzi achikasu anayenderera m'mizere ya malata, ochepa anadontha, ambiri anaumira komweko. Ndinatola tizidutswato n'kukatikwirira kuseri kwa khola la mbuzi.

Felesiya anali atatsegula maso. "Achemwali, botolo langa lija?"

"Likuzizira," ndinatero.

Chakumadzulo thupi lake linatentha kwambiri, ndipo ababa ndi amayi anaganiza zothamangira naye kuchipatala. Pomukweza panjinga Felesiya anandifunsanso za botolo. Ndinamuuza kuti alipeza pobwera, litazizira bwino. Anagwedeza mutu, chifukwa ankakhulupirira chilichonse chimene ine ndanena. Ababa ndi amayi anabwera naye patapita masiku awiri, atamukulunga m'nsalu.

Palibe anafunsa za botolo. Mpaka mvula yoyamba, masana aliwonse denga linkanunkha shuga, ndipo njuchi zinkazungulira pomwe ndinaliika paja. Ndinkakhala pansi pake ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti moyo wa Felesiya unali m'botolomo, ndipo ndine amene ndinauika padzuwa.

Lero ndikudziwa kuti m'zakumwa zija mumakhala mpweya wotsekeredwa, umene ukatenthedwa umakankha galasi mpaka kusweka. Ndikudziwanso kuti malungo akanamutengabe ngakhale akanamwa. Koma zimenezi sizifafaniza mawu amene ndinamuuza. Mwana wanga akapempha chakumwa ndimatsegula pomwepo, chofunda chomwecho. Akadandaula kuti sichinazizire, ndimangoti, "Imwa."