Phula Limene Linandineneza

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga, a Chimphamba, anakonzeka zopita ku Halale kukagwira ntchito. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Kaligo wawo, zeze wa chingwe chimodzi wokhwekhweza ndi uta, anati amusiyira mmodzi mwa ife awiri: ine kapena mkulu wanga Yohane. Ine sindinade nkhawa, pakuti mawu anga ankamveka mpaka kutsidya kwa dambo.

"Iwe umaimba ndi kummero, zala zili mtulo," ankatero amalume. Ndinkangoti ndi nkhambakamwa chabe.

Masiku omwewo kunafika mzungu ku Mvera ndi bokosi la lipenga, lolemba mawu pa phula. Mbiri inawanda yoti woimbiramo amatsala wosalankhula. Amalume sanasamale zimenezo. Anatitsetsa mapiri m'mamawa, mame akutinyowetsa miyendo.

Mzunguyo analozetsa lipenga pa kaligo, osati pakamwa panga. Woyamba kuimba ndinali ine. Atapukusa chogwirira, m'bokosimo munatuluka kulira konga kwa mbuzi yokodwa m'chingwe, mawu anga akumvekera kutali. Ndinayesa kaye kummero ngati mawu analipobe, kenaka ndinati, "Bwana, bokosi lanu ndi lofa."

Amalume analandira kaligo, naimba, ndipo phula linabweza nyimbo yosalala ngati mafuta a nsatsi. Nkhope yanga inatentha.

"Phula latsala lokwanira ana awiriwa," anatero womasulira wa mzunguyo. "Mubwere Loweruka."

Masiku anayi otsalawo ndinkakhala kuseri kwa nkhokwe ndikukhwekhweza kaligo, nditaluma phesi la chimanga kuti ndisatsegule pakamwa. Pamenepo mpamene ndinamva chala changa chapakati chikuperewera pamalo pake, ndi uta ukuthamanga ngati wothawa moto. Mawu anga ndiwo ankandibisira zonsezi.

Loweruka phula linandineneza kawiri kokha. Yohane silinamuneneze nkomwe. Amalume anapereka kaligo kwa iye, ine misozi ili m'maso. Kenaka anandiponyera uta wawo wakale.

"Makutu wawapeza, mphwanga. Kaligo ukaseme wako."

Ndinasemadi, ndipo ndi amene wapachikidwa pakhoma langa lero. Bokosi lija sindinalionenso. Koma tsopano ndikudziwa kuti silinanene kanthu kamene amalume anali asananene. Kusiyana kwake nkwakuti ilo sindikanatha kulitsutsa. Mpaka lero, ndikafuna kudziwa ngati ntchito ya manja anga ili bwino, ndimayamba ndatseka pakamwa.