Pamwamba Paja Ugawepo Patatu

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kunali kugona. Ndinali nditatsamira khoma la msiwa, miyendo itachita dzanzi. Amayi amene anachezera kuimba anali atasasa mawu, ena akuwodzera chokhala. Bokosi la bambo linali pakati pa nyumba. Kunja kunali nkhungu ya ku Biriwiri ija, yonyowetsa chitenje popanda mvula.

Bambo anali mmisiri wa zitsulo ku Lilongwe. Atakula ndithu anaphunzira kujambula pa kompyuta. Geti kapena denga ankayamba alimanga pa sikirini, kenako n'kupita nalo ku makina odulira. Ine, woyamba mwa ana awo atatu, ndinkagwira nawo ntchitoyo. Tsiku limene anatisiya, m'chipatala munali amayi, ine ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo. Bambo anandigwira dzanja nati, "Pamwamba paja ugawepo patatu." Sanayankhulenso.

Kumudzi kwawo kwa bambo kuli munda wa kachewere umene aliyense amautchula kuti pamwamba, chifukwa uli paphiri. Ndi wa mbumba yawo, ndipo amalima ndi azakhali ndi ana awo. Ife kwathu ndi kuchimayi, ku Sharpevale, ndipo mundawo sitinauganizirepo. Koma tilipo atatu, ndipo azakhali anamva mawuwo ndi makutu awo.

Kukucha, moto unali utayaka kuseri kwa nyumba. Amayi ena ankasenda kachewere, ena akuduladula kabichi. Nditapita kukatenga madzi otentha, onse anangoti zii. Azakhali ndinawapatsa moni, iwo n'kuyang'ana nkhuni. Adzukulu anatuma mmodzi kudzanena kuti akumana ndi mwala, akufuna chitsulo chophwanyira.

Anthu anayamba kufika dzuwa lisanaoneke. Lole ya ku Lizulu inatsitsa anthu a pamsika. Ena anabwera wapansi kuchokera kutsidya kwa malire. Abale a amayi anafika ndi thumba la mpunga, akunjenjemera, poti kwawo kuchigwa kulibe kuzizira kotere. Anzawo a bambo a kuntchito anaima paokha pansi pa mtengo wa pichesi, manja m'matumba.

Bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Nangozo, tamva kuti pali mawu. Kodi mng'ono wanga anasiya kalata?"

Ndinati kalata sindinaione, ndipo chimene ankatanthauza sindikuchidziwa. Anandiyang'ana ngati ndikubisa. Mchimwene wanga wondipondera pamutu anandipeza pomwepo n'kunena kuti mawu a womwalira satayidwa, mundawo tiulandire. Mng'ono wanga anangolira. Sindinadziwe kuti ndili mbali iti, kapena ngati panali mbali.

Mwambo unayamba cha m'ma leveni, mawawa akugwa. Anayankhula ambiri, ndipo zambiri sindinazimve. Kenako anaimirira mayi wina wa komiti ya madzi. Anati malemu analonjeza kuwapangira chivundikiro cha thanki ya paphiri, chifukwa mumagwera masamba ndi achule, ana n'kumatsegula m'mimba. Anati bambo anabwera kudzayeza thankiyo mwezi wa Epulo, ndipo tsopano sakudziwa kuti alowera kuti.

Apo ndinakumbukira. Pojambula, khungu la kunja kwa chinthu bambo ankalitchula kuti pamwamba. Chitsulo chikakhala chachikulu, ankati uyambe wagawa pamwamba pake usanaganize zodula. Ulaliki wonse unandidutsa. Anthu atakhala pansi ndinatsala ndili chiimire mpaka wina anandikoka chitenje.

Njira ya kumanda inali yoterera. Onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi, ndipo pokwera pamwala anatsala pang'ono kugwa nalo. Madoda angapo anatsogola ndi zishango, akuponda gule wa ngoma mwapang'onopang'ono, kwaya ikuimba yake kumbuyo, nyimbo ziwirizo osagwirizana. Ndinaika nkhata pamene ananditchula dzina. Misozi sinabwere. Bambo akutsitsidwa m'manda, ine ndinkaganiza ngati batire ya laputopu yawo ili ndi moto, ndipo ndinachita manyazi ndi maganizo amenewo.

Titabwerera n'kusamba m'manja, ndinatulutsa laputopu ija m'chikwama. Ndinapempha bambo aakulu, azakhali, amayi ndi mchimwene wanga kuti tikhale pakhonde. Fayilo ndinaipeza, yolembedwa kuti thanki kumudzi. Pa sikirini panaoneka chivundikiro chozungulira, chotumphuka pakati ngati mbale yovundikira, mizere iwiri itadutsa pamwamba pake. Ndinawafotokozera kuti galimoto sifika kuthanki, ndipo chitsulo chotere chathunthu anthu sangakwere nacho phiri. Chimayenera kupita zidutswa, n'kukalumikizidwa komweko. Mizereyo ndi mmene bambo ankafuna kugawamo.

Ndinasankha mizere, n'kudina pogawira. Kompyuta inakana. Ndinabwereza, inakananso. Bambo aakulu anatsokomola. Ndinaganiza kuti mwina ndawaitanira zachabe pa tsiku la maliro. Nditakulitsa chithunzi ndinaona kuti mzere wachiwiri sunafike kumphepete. Unaperewera pang'ono chabe, ndipo mzere wosafika sugawa kanthu. Ndinautalikitsa n'kudinanso. Chivundikiro chinagawika patatu, chidutswa chilichonse ndi mtundu wake.

"Ndiye munda sanaunene?" anafunsa azakhali.

"Zimene ndapeza ndi izi, azakhali."

Anayang'anitsitsa sikirini, kenako anafunda chitenje kumutu n'kuyamba kulira mokweza, akuitana mlongo wawo dzina la paubwana. Chichokereni kuchipatala ndinali ndisanawamve akulira choncho. Bambo aakulu anati nkhani yatha, isamvekenso. Mchimwene wanga anati munthu akhoza kujambula thanki n'kumaganizabe za ana ake, ndipo anaimirira n'kupita kumsewu. Palibe anamuletsa.

Pofika madzulo lole inali itapita, mabenchi atabwezedwa kutchalitchi. Pabwalo panatsala phulusa ndi makoko a kachewere. M'nyumba munali mphasa zokhazokha. Azakhali anandibweretsera tiyi okha, n'kuika pafupi ndi phazi langa.

Amayi anali atakhala pakona, akupinda jekete la bambo. Ndinasendera pafupi n'kuwafunsa chapansipansi ngati iwo akukhulupirira kuti bambo ankanena za thanki.

Anayankha akupindabe jekete.

"Chaka chatha anandiuza kuti zimawawawa kuti ana awo alibe pokhazika khasu kwawo kuno. Za thanki anandiuzanso. Ine sindikudziwa, mwanawe."

Anaika jekete m'chikwama n'kutseka zipi.

"Iwe ukadule zitsulozo. Anthu akumwa achule."