Sukulu ya pamphasa

Mwana wanga wamkazi ali ndi khunyu. Tsiku lina anagwa pamtsinje popita kusukulu, nkhope m'madzi, anzake n'kuthawa, poti kuno ku Kande ana amauzidwa kuti ukakhudza thovu la wakhunyu nawenso uyamba kugwa. Anamuvuula ndi mayi wina amene ankaviika chinangwa chapafupi. Ndinati basi, aziphunzira pakhomo.

Nzeruyo sindinaitole patali. Kuloji komwe ndinkachapa zovala, ana a bwana, azungu, ankaphunzira pakhonde ndi mayi awo, ndipo sindinaonepo munthu akubwera kudzafunsa. Ine Folomu 2 ndinafika. Ndinabwereka mabuku, ndipo ndikaweruka tinkakhala pamphasa, masamu ndi Chingerezi, zala zanga zikadali zotuwa ndi sopo.

Koma kwa ine ndiye anabwera. Amayi a komiti ya sukulu, omwe amayenda m'gombe kupirikitsa ana ojomba amene akukoka makoka, anandipeza ndikuyanika ufa. "Ama, lamulo likuti mwana aliyense azipita kusukulu." Ndinawaonetsa makope. Sanawatsegule n'komwe, anati zimenezo ndikafotokoze kwa akuluakulu a maphunziro.

Ndinakwera minibasi. Bambo amene ndinawapeza mu ofesi anali ochokera kuchigawo chapakati, aulemu ndithu. Ndinawafunsa zoyenera kuchita kuti boma livomereze sukulu yanga ya pamphasa. Anakanda mutu.

"Mayi, njira yake ine sindikuidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayeso a Sitandade 8 salembera pakhonde. Mwana ayenera kukhala wa sukulu inayake."

Ndinatchula ana a bwana. Anaseka pang'ono, n'kuti amenewo mayeso awo ali kwawo.

Kunena zoona, ndinatopa. Kukangana ndi lamulo loti ngakhale eni ake akukanda nalo mutu kumagwetsa mphwayi.

Ntchito ya m'mawa ndinasiya. Masiku ano mtsinje uja timawoloka awiri popita kusukulu, mwanayo nditamugwira pamkono, ndipo ndimakhala kumbuyo kwa kalasi pachitenje changa, chimzimayi chonse ine, kumvetsera zimene ndinamuphunzitsa kale. Amayi a komiti akandiona amandiyamikira kuti ndinamva. Ine ndimangoti yewu.

Mwezi wathawu anagwanso, phunziro lili mkati. Ana anathawira panja, aphunzitsi anaima pakhomo atagwira choko. Ndinamugoneka cham'mbali, n'kumupukuta kukamwa ndi chitenje. M'kalasi monsemo tinatsala awiri, monga tinkakhalira pamphasa paja.