Kadzenje ka Kuseri kwa Khutu

Alamu anga a Herlinda Ocampo anasoka zigoba zobisa nkhope za ochita masewera ogwetsana kwa zaka makumi atatu ndi zinayi, koma masewerawo sankawaonera. Lamlungu lililonse ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa bwalo lathu ku Apizaco, singano atazibaya pa juzi, kudikira yemwe angabwere atang'ambiridwa chigoba. Phokoso la anthu ankangolimvera kukhoma. Ine ndinali woliza belu, ndiye za mmene zayendera ndinkawafotokozera ndine tikamabwerera kunyumba.

Bambo awo anali osoka nsapato, ndipo kuboola chikopa anakuphunzirira pa benchi yawo ali kamtsikana. Anakwatiwa ndi mkulu wanga Fidencio, woyendetsa basi ya ku Tlaxcala. Fidencio atamwalira ndi nthenda ya shuga, kuwasiyira ana aakazi awiri, ndinawatengera kwa Don Gaudencio, mwini bwalo, yemwe ankafuna telala wosunga pakamwa. Maso a alamu anali ofooka chibadwire. Manambala a pa tepi sankawaona, choncho mutu wa munthu ankauyeza ndi manja: pachipumi, m'masaya, kunkhongo, kenaka n'kupita pa makina. Sanalakwitsepo. Mitu ya anyamata onse a m'bwalo lathu inali m'zala zawo, ndipo palibe dzina limene analiululapo, ngakhale kwa ana awo.

Yemwe ankamukonda kwambiri anali Nicanor Pineda, wophika buledi wa kuseri kwa msika. Mkati mwa sabata anali bambo wachete, ufa uli mbuu m'mikono. Lamlungu ankavala chigoba choyera ngati njereza n'kukhala Cal Viva, ngwazi imene inasunga lamba wamkulu wa bwalo lathu zaka zinayi. Kuseri kwa khutu lake lamanzere kunali kadzenje kolowa chala chachikulu, pomwe bulu anamuponda ali mwana, ndipo alamu ankasokerapo kansanza kofewa kuti chikopa chisamukhule.

"Mayi Linda, pang'onopang'ono," ankatero akamamumanga zingwe zakunkhongo. "Mutuwu ndi umodzi womwewu, ndilibe wina kunyumba."

"Ukadakhala ndi wina ukadaugwiritsa ntchito? Khala chete."

Chaka chilichonse mu Seputembala tinkakhala ndi tsiku la malamba: mipikisano isanu, uliwonse wolimbirana lamba, wotsiriza uli wa Cal Viva. Chaka chimenecho ankakumana ndi Tordo, chimphona cha ku Puebla. Zikwangwani zinali zitamatidwa kale pa mapolo onse a magetsi. Lachiwiri lake m'mawa, Nicanor anagwa chafufumimba pafupi ndi uvuni, thabwa la buledi lili m'manja. Mkazi wake Isaura anamupeza atatha kale.

Tinamuika Lachitatu masana. Anthu anabwera kudzaika wophika buledi. Odziwa kuti m'bokosimo muli Cal Viva tinalipo anayi okha: Isaura, Don Gaudencio, alamu ndi ine. Anthu okumba manda akukwirira, ndinamva bambo wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, "Lamlungu upita? Cal Viva akamuthyola khosi Tordo ameneyo." Alamu anandigwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinandilowa.

Lachinayi Don Gaudencio anabwera kunyumba kwa alamu ndi mwamuna wina wa ku Orizaba, dzina lake Eleuterio Mancilla, wa zaka ngati makumi atatu, msinkhu ndi mapewa ngati a Nicanor.

"Doña Herlinda, ndi tsiku limodzi lokha," anatero bwanayo. "Avala chigobacho, agonja bwinobwino m'chigawo chachitatu, lamba apite kwa Tordo. Kenaka tidzati Cal Viva wapuma."

"Munthu sanazizire n'komwe, Don Gaudencio."

"Anthu agula kale matikiti. Ndikawauze chiyani?"

Alamu anamuuza Eleuterio kuti akhale pa mpando. Anamuyeza monga mwa masiku onse. Mutu wake unali wocheperako pang'ono, wosalala konsekonse. Anachepetsa chigobacho ndi chala chimodzi, ndipo kansanza ka kuseri kwa khutu anakasosola n'kukataya.

Lamlungu bwalo linadzadza isanakwane folo koloko. Dzuwa linkalowera m'mabowo a malata, fumbi likuuluka, ogulitsa mowa ndi chicharrón, chikopa cha nkhumba chokazinga, akukuwa m'mizere. Mipikisano inayi inatha, malamba awiri anasintha eni. Pa kupuma ndinapita kuseri kukamwa madzi, ndipo ndinapeza alamu akumumanga Eleuterio zingwe. Anali atakhala chowerama, atapereka nkhongo. Ndinaona manja a alamu akutsika ndi zingwezo, kenaka dzanja lamanzere linaima kuseri kwa khutu. Linaima nthawi yaitali.

"Mayi Linda, pang'onopang'ono," anatero mwamunayo m'kati mwa chigoba.

Palibe wina aliyense ankawaitana choncho kupatula Nicanor. Lachinayi lija iyeyo ankangoti Doña. Alamu anamaliza mfundo, n'kupukuta manja pa siketi kangapo ngati agwira chonyowa.

"Alamu, muli bwino?" ndinafunsa.

"Pitani ku belu lanu, Rutilio."

Chigawo choyamba anapambana Cal Viva, chachiwiri Tordo, monga tinapanganira. Chachitatu chinayenera kutha pa mphindi zisanu ndi zitatu. Tordo anamunyamula n'kumumenyetsa pansi, n'kumugonera. Woimbira anamenya pansi kamodzi, kawiri, Cal Viva n'kudzutsa phewa. Anthu anakuwa. Tordo anabwerezanso, phewa n'kudzukanso. Ine ndinali pafupi ndi zingwe, ndinamumva Tordo akulankhula mano ali gwa: "Gona, iwe! Wapenga? Gona!"

Mnzakeyo anadzuka, n'kuyamba kuzungulira akukoka pang'ono mwendo wamanja, mmene Nicanor ankachitira bondo likatopa. Mwina anali atamuonerapo, sindikudziwa. Anapitirira mphindi makumi awiri. Tordo anayamba kumenya zenizeni, mpaka chigoba choyera chija chinafiira pakamwa. Pomaliza Cal Viva anamupinda mkono kumsana, ndipo Tordo anakuwa kuti wagonja, kukuwa kwa munthu amene akumva fupa likufuna kuchoka. Ndinaliza belu. Bwalo lonse linaimirira. Isaura yekha, pa mzere wachitatu, atavala zakuda, ndiye anali chikhalire, atatseka maso.

Kuseri Don Gaudencio anali atalusa. "Ndinakutenga kuti udzatani? Ukudziyesa ndani iwe?"

Mwamunayo anangokhala pa benchi, lamba ali pamiyendo. Alamu anayesa kumasula mfundo koma inali itafufuma ndi thukuta, ndiye anatenga sizasi n'kudula zingwe zonse. Chigoba chitachoka, nkhope inali ya Eleuterio, yotupa, misozi ikutsika.

"Pepani, bwana," anatero. "Ndimafuna kugona. Koma mapewa akangokhudza pansi, ndimamva dothi likundigwera pachifuwa. Fosholo ndi fosholo. Ndimalephera kupuma."

Alamu anamutembenuza mutu ngati wa mwana, n'kupisa chala kuseri kwa khutu.

"Kadzenjeka wakatenga kuti?"

Eleuterio anadzigwira pomwepo, n'kudabwa funsolo. "Aka? N'kakalekale, Doña. Ndikuganiza ndinabadwa nako."

Panjira yobwerera alamu sanafune kumva za mpikisano. Titafika pa geti lawo anati, "Rutilio, Lachinayi panalibe. Maso anga amanama, ndikudziwa. Manja ayi."

Anthu anamukonda Cal Viva kuposa kale, choncho Don Gaudencio mkwiyo unamuthera msanga. Eleuterio anasamukira ku Apizaco n'kusunga lambayo zaka zina ziwiri. Alamu anapitiriza kusokera anyamata onse, koma chigoba choyeracho anakana kuchigwiranso. Ankachitumiza kwa telala wina ku Puebla. Isaura anandiuza kuti m'mawa wina ndi wina ankamuona mwamunayo ataima tsidya la msewu, akuyang'ana utsi wa uvuni. Sankalowa. Tsiku lina Isaura anatuluka n'kumufunsa chomwe akufuna, iye n'kuyankha kuti sakudziwa, amangodzuka miyendo n'kumubweretsa. Isaura anagulitsa malowo n'kupita kwa achemwali ake ku Veracruz.

Chinathetsa zonse ndi mpikisano wobetcherana zigoba. Cal Viva anagonja, ndipo mwambo wake ngwakuti wogonja avule pamaso pa anthu, anene dzina lake ndi kwawo. Tsiku limenelo alamu anatuluka m'kachipinda kawo n'kudzaima pambali pa tebulo langa. Eleuterio anavula, anamupatsa chimkuzamawu, koma anangoima kukamwa kuli yasa. Anthu anayamba kuimba malikhweru. Milomo yake inkayenda ngati ikufuna kutchula china. Alamu anayandikira zingwe, n'kulankhula mokweza ngati akuitana mwana amene wasochera mumsika:

"Ndiwe Eleuterio Mancilla. Kwanu ndi ku Orizaba. Nena."

Anawayang'ana, n'kunena mawu omwewo, limodzilimodzi. Ndiye anatsika, osadzakweranso m'bwalo.

Alamu anasoka zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka nyamakazi inawapinda zala. Mwana wawo wamkulu anawatengera ku Querétaro, komwe ankakhala pakhonde kudyetsa mbalame za m'khola ndi kukangana ndi wailesi. Anamwalira mwezi wa Febuluwale, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Ku maliro kunabwera amuna okalamba khumi ndi mmodzi, makosi onenepa, makutu opindika, amene ana a alamu sankawadziwa. Anasinthana kunyamula bokosi mpaka kumanda. Eleuterio sanabwere. Masiku ano amayendetsa lole yogulitsa gasi kuno ku Apizaco, ndipo Lachisanu lililonse amadutsa mumsewu wathu.