Mai Sindinathe, Amene Ankapemphera ndi Diso Limodzi

Abale anga mwa Ambuye, sabata yatha tinaika m'manda mai amene tonse tinkawatcha Mai Sindinathe. Dzina lawo la ubatizo lili pamtanda, ofuna akaliwerenge komweko. Ife tinaliiwala kalekale, ndipo eni ake sankadandaula.

Anabadwa oyamba m'nyumba ya ana ambiri. Mai awo anamwalira iwo asanathe msinkhu, sukulu n'kuthera pomwepo. Kumsana kumene anzawo ankaberekako chikwama, iwo ankaberekako mlongo wawo wamng'ono. Pa Misa ankagwada diso limodzi lotseka, linalo likulondera ana kuti asatsinane. Asisitere atawadzudzula, iwo anayankha mwaulemu kuti, "Lotsekali ndi la Mulungu, lotsegulali ndi la ana ake." Asisitere anangotsokomola n'kubwerera pampando.

Atakula anakwatiwa ndi kalipentala wina wofatsa, munthu woti mawu ake unkachita kuwasaka ngati singano yogwera pansi. Mulungu sanawapatse mwana. Koma mlongo wawo uja atamwalira, anatenga mwana wake wamwamuna n'kumulera ngati wobala okha. Kuti mwanayo aphunzire, analowa ntchito pafakitale yosoka mayunifolomu, ndipo anakalambira pamakina osokera makolala a malaya. Kampani inawapatsa kanyumba ka zipinda ziwiri kumapeto kwa msewu wa antchito.

Pafakitalepo panali belu ndi geti. Belu likalira m'mawa, mlonda ankakhoma loko. Wotsalira kunja, tsiku lamuthera. Akabwereza kangapo, ntchito yatha. Nanga otsalirawo anali ndani? Woyamwitsa, woperekeza mwana kuchipatala, ndi nkhalamba zimene mawondo ake amafuna kuwanyengerera kaye asanayende.

Tsono antchito ankayamba ndi pemphero pageti pomwepo. Mlondayo anali woopa Mulungu: ankavula chipewa, ndipo sakanayerekeza kukhoma loko anthu akulankhula ndi Mlengi. Mai athu anaiona mfundo imeneyi, n'kudzipereka kuti azitsogolera pemphero.

Ankayamba ndi mabwana, n'kubwera kwa kapitawo ndi msana wake, kenako makina, ulusi, mabatani. Diso limodzi lili kumsewu. Belu linkalira, iwo akupempherera singano. Mlonda ankayesa mwayi wake:

"Ameni!"

"Sindinathe, bambo."

Ankapitiriza mpaka mai womaliza atalowa m'gulu ali wefuwefu, mkaka utanyowetsa bulauzi. Pamenepo pemphero linkatha mwadzidzidzi ngati ulusi woduka. Tsiku lina anapempherera mpaka galu wa bwana.

"Mai, kodi galuyo akudwala?" anafunsa mlonda.

"Ayi, bambo, koma angadwale."

Wina akawanena kuti akuchita chinyengo ndi zinthu zopatulika, ankati, "Sindinanamizepo Mulungu ine. Zonse ndimapemphazo ndimazifunadi, ndi za galu zomwe."

Mwana anamulera uja anakhala makaniko pafakitale yomweyo, ndipo anzake anamusankha kukhala wapampando wa bungwe la antchito. Ndinene poyera, sanali munthu woipa. Chaka ndi chaka amayi ankabweretsa nkhani imodzi pamsonkhano wa bungwe: kuti oyamwitsa ndi okalamba aziloledwa kulowa mochedwerako n'kuweruka mochedwerako, kapena kugwira theka la tsiku. Iye ankayankha kuti, "Anzanga, belu limodzili akuluakulu athu analivutikira. Tikalola kuti aliyense akhale ndi nthawi yake, mawa mabwana adzati nonse ndinu aganyu, muzibwera tikakuitanani. Atithyola mmodzimmodzi."

Mai wina wakhanda anaimirira n'kunena kuti, "Apampando, belu lanulo linayamwitsapo?"

Anthu anaseka, abambo anagwedeza mitu, ndipo nkhaniyo anaisungira msonkhano wotsatira. Mai Sindinathe sankatsutsana ndi mwana wawo pagulu. Ankangotalikitsa pemphero la pageti.

Kenako mtanda wawo unafika. Bambo akunyumba anagwa ali ndi sowo m'manja, nafa ziwalo mbali imodzi. M'mawa uliwonse ankafunika kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni. Munthu wotere sameza potsatira belu. Nawonso mawondo a mai athu anali atayamba kukana. Ankatuluka m'nyumba dzuwa litakwera, akukoka mwendo, n'kupeza geti lili pii. Amene anatenga malo awo popemphera anali anthu abwino, koma ankatseka maso onse awiri, ndipo pemphero lawo linali lalifupi ngati mchira wa mbuzi. Mai athu ankaima kunja, kumva makina akulira mkati, kunena korona yawo, n'kubwerera. Sanadandaulire munthu.

Kapitawo anawaitana. "Agogo, mukachedwanso kamodzi musadzavutike n'kubwera." Iwo anadziwa tanthauzo lake: ntchito ikatha, kanyumba kapita, ndipo wodwala uja adzamunyamula ndi bedi lake kumuika pamsewu.

Anapita kumene mwana wawo ankakonza makina. "Apampando, ndabwera ngati membala. Ndikupempha ndizilowa dzuwa litakwera, ndiziweruka mochedwa. Makolala sadziwa nthawi."

Mnyamatayo sanadzutse mutu. "Azakhali, ndikakupempherani inu nokha, adzati ndakondera. Ndikapemphera onse, ndatsegula khomo limene sitidzathanso kulitseka. Dikirani msonkhano waukulu."

Anamuyang'ana mwana amene anamusokera yunifolomu yake yoyamba. "Chabwino, atate. Ndikawauza bambo akowo kuti aziyesa kumeza msanga." Anamuchotsa kaulusi paphewa, n'kubwerera kumakina awo. Za kukanidwaku sanauze aliyense. Tinazimva kwa mwini wake, pamaliro.

Lamulungu masana mnyamatayo anakazonda wodwala. Anaona azakhali ake akugwada, kulowetsa mikono pansi pa munthu wamkulu, kumutembenuza, kupuma, kenako sipuni, kudikira, sipuni ina. Anatsanzika osamwa ndi madzi omwe.

Lolemba m'mawa mai athu anadzuka monga mwa masiku onse. Anasambitsa amuna awo, kuwadyetsa, kuwamanga mabatani mpaka pakolala. Anamva belu likulira kutali. Anakhala pampando kuti avale nsapato, n'kunena kuti, "Bambo, ndipumeko pang'ono."

Sanadziwe zimene zinkachitika pageti. Wotsogolera pemphero asanatsegule pakamwa, wapampando anavula chipewa. "Lero ndipemphera ine." Anthu anayang'anana, poti munthuyu m'mapemphero ankangodziwa Ameni basi. Anapempherera mabwana. Anapempherera kapitawo ndi msana wake, makina, ulusi, mabatani. Mawu atamuthera, mai wakhanda uja anawalandira. Iye atatopa analandira wina, kenako wina, amayi amene kale ankalowa pageti limenelo ali wefuwefu. Galu wa bwana anali atafa kalekale, koma anamupempherera ndithu. Kapitawo ankaloza wotchi. Mlonda anakumbatira chipewa pachifuwa, loko ali m'thumba. Fakitale yonse inaima diso limodzi lili kumsewu.

Amene anatulukira kumsewuko anali mai woyandikana nyumba ndi mai athu. Sankathamanga. Anati anawapeza atakhala pampando pafupi ndi bedi, nsapato imodzi kuphazi, korona m'manja, dzanja lamoyo la amuna awo lili pabondo pawo. Maso onse awiri anali otseka.

Kenako mlonda anati, "Ameni." Anadikira. Panalibe womuyankha.

Wodwala uja tsopano ali kunyumba kwa wapampando, ndipo amene amamudyetsa m'mawa ndi wapampando yemweyo; wapeza kale geti lotseka kangapo. Bungwe lakatula nkhani ija kwa mabwana, ndi mfundo yakuti wolowa mochedwa akhalebe wantchito weniweni, osati waganyu. Akukanganabe. Zikadzatheka, mwini pempho sadzaziona.

Ndiye abale anga, mukamapemphera tsekani diso limodzi. Linalo liziyang'ana kumsewu, chifukwa nthawi zonse pamakhala wina akuthamanga. Ambuye awapatse mpumulo umene pansi pano sanaupeze. Koma ine mmene ndikuwadziwira, sanalowe n'komwe. Aima pakhomo pomwepo, nsapato imodzi kuphazi, akuuza mlonda wakumwamba kuti sanathe, mpaka tonse tifike.