Sowo Yansanje ya ku Mooinooi

Chinandichotsa ku Ntcheu ndi miyendo ya mipando. Ndinali kalipentala wa sowo yamanja, ndipo mipando yanga inali yolimba koma yoongoka ngati asilikali. Anthu anayamba kufuna ya miyendo yokhota, yonga yomwe amaiona m'mafoni, ine n'kumangoswera kuthamangitsa ntchentche pashedi. Nditauza mkazi wanga, mayi a Tadala, kuti ndikupita ku Joni kukasaka makina, sanalire.

"Pitani, koma mukabwere ndi zala zonse," anatero. "Banja lino linapereka kale zake kumeneko."

Ankanena za bambo awo, a Gama, apongozi anga, amene anabwerako kumigodi kalekale dzanja lamanja likusowa zala ziwiri. Sankafotokozera munthu aliyense mmene zinadukira.

Ku Rustenburg ndinafikira m'kachipinda kamalata ku Wonderkop. Njala sinandivute kwenikweni, chinkandiwawa ndi malonje. Munthu amangoti "Dumela" ali chiyendere, osafunsa za ana, za mvula, ngakhale za chifuwa chimene akukumva ukutsokomola. Lamlungu ndinkakhala pakhomo n'kumabwereza mauthenga amawu a mayi a Tadala mpaka foni kuzima. Kusungulumwa kumeneko sindingakubise, kunandiliza.

Kutchalitchi ndi kumene anandilozera madala Mbewe, mtchona wa ku Dedza amene atapuma pamgodi anatsegula shedi ya mipando ku Mooinooi. Ndinapita m'mawa, mtima uli dyokodyoko kuti lero ndilonjerana ndi munthu wakwathu. Ndinawapeza ataweramira bendiso, sowo yamagetsi imene lamba wake wachitsulo wa mano amazungulira pa mawilo awiri. Ndinawomba m'manja.

"Mwadzuka bwanji, achikulire?"

Zii. Ndinakweza mawu, komabe zii. Mumtima ndinati eya, utchona ndi umenewu, munthu waiwala ndi mwambo womwe. Iwo anamaliza mzere wawo, anazimitsa makina, n'kudikira mpaka lamba ataima. Kenako anatembenuka akumwetulira, nandigwira chanza ndi manja awiri, n'kundifunsa za kumudzi mpaka za mbuzi zomwe.

"Koma pasopa, mwana wanga," anatero pomaliza. "Sowo iyi ndi yansanje. Ikamalankhula siifuna uziyang'ana wina."

Anandiphunzitsa ngati akulera mwana. Usanatsegule zitseko za mawilo uzule pulagi, uyiike poti uziyiona. Mano a lamba aloze pansi, kutebulo, ndipo umumange mpaka ukamukankha ndi chala azingogonja pang'ono. Uzungulitse wilo ndi dzanja uone ngati akuyenda pakati. Chotchingira lamba uchitsitse chitsale pang'ono kukhudza thabwa, kuti mano asakhale pamtunda. Tsiku lina ndinafika nditavala magolovesi atsopano, ndikudzimva ukatswiri.

"Aikona! Vula. Mano akakola nsalu amakoka ndi dzanja lomwe. Pinda malaya, vala magalasi, ndipo thabwa likafupika kankha ndi kamtengo aka. Kamtengo tisema kena, chala sitisema."

Ankamvetsera makina ngati namwino. Lamba akayamba kulira kuti the, the, the, ankazimitsa pompo, chifukwa ndiye kuti wang'aluka penapake. Sankalolanso munthu kuima kudzanja lamanja kwa makinawo, kumene lamba woduka amakwapulira. Ndalama zinayamba kuoneka, kunyumba ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo pa uthenga uliwonse mayi a Tadala ankafuna chithunzi cha manja anga. Madala ankaseka mpaka kutsamwa ndi utuchi.

"Akazi a anzako amafunsa marandi, wako akufunsa zala!"

Patapita zaka ndinagula bendiso yogwirapo kale, tinaimasula, n'kuikweza pangolo ya basi. Monga mkamwini, shedi ndinamanga pamalo a apongozi, kufupi ndi msewu kumene kumadutsa magetsi. Ndinasangalala ngati mwana tsiku limene mwendo woyamba wokhota unatuluka.

Chimwemwecho sichinathe sabata. Masana ena ndili pakati pokhotetsa mwendo wa mpando, ndinamva kuwomba m'manja kumbuyo kwanga.

"Odi! Mwaswera bwanji, apongozi?"

Anali mayi a mkazi wanga. Thupi lonse linafuna kutembenuka, koma maso anakana kuchoka pamano aja. Pamene ndinkazimitsa, iwo anali atafika kale pamjigo, ndipo nkhani inali itawatsogolera. Pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti akamwini abwera ndi mwano wa ku Joni. Mayi a Tadala anandipatsa madzi osamba osandiyang'ana.

"Mkamwini asamakule mwendo, bambo a Tadala. Amayi akuti ngati makinawo aposa anthu, mukawamangire shedi kwanu."

Ndinachita mantha zedi. Kwathu kulibe magetsi, ndipo kuchoka pamalopo kukanakhala kutaya zaka zonse zija. Ndinapita kukapepesa, koma apongozi anangoti amva, nkhope ili kumbali.

M'mawa mwake ndikudula, ndinaona chithunzithunzi pakhomo la shedi. Sichinalankhule. Nditazimitsa n'kudikira lamba kuima, ndinapeza ndi a Gama, atakhala pachitsa, akazi awo ataima kumbuyo manja ali m'chiuno. Tinalonjerana bwinobwino. Kenako mkuluyo anakweza dzanja lake lija.

"Mayi, mwakhala mukundifunsa za izi chikwatirirane," anatero. "Tinali pansi pamgodi, dzanja langa lili pachingwe chokoka ngolo. Ndinamva munthu kumbuyo akuti, 'Moni akumudzi!' Miyezi yonse ija ndinali ndisanamve Chichewa. Ndinatembenuka."

Apongozi aakazi anayang'ana dzanjalo, kenako manja anga.

"Ndiye zaka zonsezi osanena bwanji?"

"Manyazi. Munthu n'kumauza anthu kuti zala zinapita ndi moni?"

Mayiwo anayamba kuseka, misozi ili m'maso, ndipo tonse tinaseka nawo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndinaziona ndi maso tsiku limenelo. Asanachoke, mayiwo anandiuza kuti akufuna mpando wa miyendo yokhota, waulere, ngati chindapusa.

Ku Joni ukapanda kuyankha moni palibe amadandaula, chifukwa palibe amakuwerengera. Kuno kumudzi kusayankhako kunasanduka mlandu chifukwa anthu amafunadi kumva kuti wadzuka bwanji, ndipo ndinapeza kuti munthu wofunadi kumva amatha kudikira. Pakhomo la shedi tinaikapo benchi, ndipo a Gama anadzilemba okha ntchito yaulonda. Dzulo abusa anafika sowo ikulira, atatambasula kale dzanja kuti andipatse moni. Mkuluyo anawaimitsa ndi zala zake zitatu zija.

"Khalani apa, abusa. Malonje sawola. Ayankha akazimitsa, ndipo akupatsani chanza chathunthu."