Soda wa a Molo

Aphunzitsi a kemisitile pasukulu ina ana ankawatchula kuti a Molo, chifukwa chilichonse ankachiwerengera m'mamolo, muyeso wa m'kemisitile, ngakhale shuga wa mu tiyi. Anali munthu wowonda, wa jekete limodzi lotuwa ndi choko. Sanalakwitsepo samu. Komanso, kunena mosapsatira, sanasungunulepo kanthu. Labu yawo inali ndi sinki yopanda mpopi ndi kabati yomwe alonda ankasungamo majombo. Asidi yense amene a Molo anathirapo pa moyo wawo anali wa choko, wa pa bolodi.

Mayeso atayandikira kunabwera katoni: sikelo, mabotolo agalasi, asidi, ndi kapaketi ka soda wopangira sopo, wokwana ulendo umodzi basi. Aphunzitsi aakulu anakhala pa benchi ya kumbuyo, amvekere akufuna aone ngati mbiri ya a Molo ili ndi manja kapena ndi pakamwa pokha.

Kunja kunkagwa mvula. A Molo anakhuthulira timibulu tonse ta sodayo pa kapepala, sikelo n'kunena magalamu anayi. Anatembenukira ku bolodi kuti afotokoze mwachidule kuti molo imodzi ya soda ndi magalamu 40, ndiye anayi mu lita akhala 0.1. Koma chidule cha a Molo chimadya choko chathunthu. Mtsikana wa kutsogolo anaimika mkono, iwo anati mafunso kumapeto.

Potembenuka anapeza timibulu tasanduka phala, lina layenderera pa tebulo. Soda amamwa chinyezi cha mumpweya. Zimenezi a Molo ankaphunzitsa chaka chilichonse, n'kujambula mzere kunsi kwake.

A Molo anakokolola chotsalacho, anachisungunula, anadzaza madzi m'botolo mpaka pa mzere wa lita, n'kudonthezamo mankhwala ofiiritsa madzi a soda. Kenako anati funso lasintha: mphamvu ya madziwa tsopano siikudziwika, ndiye ana aipeze okha podonthezera asidi mpaka mtundu wofiirira uzilale.

Mtsikana uja anadontheza, anawerengera, anapeza 0.07.

"Ndakhoza, aphunzitsi?"

A Molo anayang'ana bolodi. Yankho panalibe.

"Sindikudziwa, mwanawe. Wina abwereze tione."

Mawu amenewo anali asanamvekepo m'kalasi imeneyo. Aphunzitsi aakulu anadzuka pang'onopang'ono. Anawadutsa a Molo, anapinda malaya m'mikono, n'kukaima pa mzere kumbuyo kwa ana, kudikira nthawi yawo yodontheza.